Zazitali, zakuya, zaliwiro: ntchito za Mulungu ukaima pa Chiwalo

Mamita 3,002! Umenewo ndi msinkhu wa Sapitwa, nsonga ya phiri la Mulanje. M'Malawi muno mulibe mwala wina woyandikira thambo kuposa umenewo. Mamita atatu okha! Kumeneko ndi kuya kwa nyanja ya Chilwa, ndipo m'malo ambiri madzi safika n'komwe pamenepo. Phiri lalitali koposa onse m'dziko lino mbali iyi. Nyanja yachiwiri kukula mbali inayo. Pakati pa ziwirizi pagona chigwa cha Phalombe, ndipo chakumpoto kwa chigwacho, kufupi ndi malire a Mozambique, kuli dera la Mfumu Yaikulu Chiwalo.

Mkhristu wa ku Nambazo m'deralo akatuluka m'tchalitchi Lamulungu masana sasowa chomukumbutsa Mlengi. Kummwera phiri la Michesi lili njo, Mulanje kumbuyo kwake. Kumpoto dambo lotha maso, njedza, mbalame, fungo la matemba oyanika. Zodabwitsa zili pakhomo penipeni. Zimangofuna woziyeza.

Mwala wa zaka 130 miliyoni

Mulanje si phiri limodzi. Ndi banja la mapiri. Nsonga zopitirira mamita 2,500 zilipo 20. Malo onse amene phirili lakhalapo ndi masikweya kilomita 650, kutanthauza mabwalo a mpira 90,000 oyalidwa mogundizana. Tengani bwalo la mpira, muliimike chilili, muike lina pamwamba pake, lina pamwamba pa limenelo. Mufunika mabwalo 30 kuti mufanane ndi Sapitwa kuchokera pa mlingo wa nyanja yamchere. Chigwa cha Chilwa chili pa mamita ongopitirira 600. Ndiye kuti mlimi wa nandolo wa kwa Chiwalo akakweza maso, pamwamba pake pali makilomita awiri ndi kanthu a mwala wokhawokha.

Khoma lakumadzulo la nsonga ya Chambe nalo ndi nkhani payokha. Mamita 1,700 a thanthwe lochita kuima. Mabwalo 17! Akatswiri okwera miyala ndi zingwe amati mu Africa monse mulibe khoma lina lalitali chotero.

Nanga zaka zake? Odziwa za miyala amati pafupifupi 130 miliyoni. Mwala wosungunuka ndi moto unakwera kuchokera m'kati mwa dziko, n'kuuma usanatulukire kunja. Kenaka mvula ndi mphepo zinayamba kukokolola miyala yofewa yozungulira, pang'onopang'ono, chaka ndi chaka, mpaka chouma chija chinatsala chokha poyera. Kuti zaka zimenezi zikwane pangafunike anthu pafupifupi 2 miliyoni, aliyense wokhala ndi moyo zaka 70, wina kubadwa tsiku limene mnzake wamwalira. Akhristu amasiyana pa kawerengedwe ka masiku a m'buku la Genesis, koma pa chinthu chimodzi sakangana: amene anaumba mwala umenewu sagwira ntchito mothamanga.

Phirili ndilonso nkhokwe yaikulu ya madzi kummwera konse. Limagwira mitambo ya chiperoni yochokera ku nyanja ya Indian, n'kuifinya. Ruo, Likhubula, Lichenya, Thuchila, Phalombe, Sombani: yonseyi inabadwira kumeneko. Tiyi wa ku Mulanje amamwa pomwepo. Kuyambira 2019 ngakhale mipopi ina ya mu Blantyre imatulutsa madzi a mu Likhubula. Phalombe ndi Sombani imalowera kumpoto, kudutsa m'chigwa, kukathira m'Chilwa. Mpunga wa m'madambo a kunyanja, ndiye kuti, umalimidwa ndi mvula imene inagwa pamwamba pa phiri.

Makolo a Amang'anja, Ayao ndi Alomwe ankalilemekeza kuti ndi mudzi wa mizimu, ndipo sankakwerako mwachibwana. Dziko lapansi lavomereza mochedwa. Mu July 2025 bungwe la UNESCO linalemba Mulanje m'kaundula wa malo amtengo wapatali kwa anthu onse. Ndi malo achitatu m'Malawi, kutsatira paki ya nyanja ya Malawi mu 1984 ndi zojambula za m'mapanga a Chongoni mu 2006.

Koma Sapitwa naye ali ndi akulu ake. Kilimanjaro ku Tanzania, mamita 5,895: Sapitwa muwiri kuchotsako pang'ono. Everest, mamita 8,849: pafupifupi Sapitwa mutatu. Ndipo dzenje la Mariana pansi pa nyanja ya Pacific ndi lakuya pafupifupi mamita 11,000. Ponyanimo Everest yense. Pamwamba pake patsalabe makilomita awiri a madzi!

Mitengo isanu ndi iwiri

Mtengo wosowa koposa yonse m'Malawi umamera pamwamba pomwepo. Mkungudza wa ku Mulanje. Mwachilengedwe sumera paliponse pa dziko lapansi koma pa phiri limeneli. Ukasiyidwa umatalika mamita 40, anthu aakulu oposa 20 ataimirirana pamapewa. Thabwa lake limanunkhira, chiswe sichilidya, madzi saliwoletsa msanga. Mu 1984 unasankhidwa kukhala mtengo wa fuko.

Ubwino wake ndiwo unaupha. Macheka, moto wolusa, ogula matabwa usiku. Pamene akatswiri anayenda phiri lonse mu 2017 kuwerenga mikungudza ikuluikulu yotsala, anapeza isanu ndi iwiri. Isanu ndi iwiri basi! Yokwanira kuwerenga ndi zala, zina n'kutsala. Chimene Mulungu anapatsa phiri limodzi lokha pa dziko lonse, mbadwo umodzi unatsala pang'ono kuchimaliza. Bungwe la Mulanje Mountain Conservation Trust pamodzi ndi anthu a m'midzi yozungulira akhala akufesa mbande zambirimbiri n'kumakabzala pamwamba. Koma mkungudza suthamanga. Wobzala lero sadzauona utafika pachimake.

Nyanja imene imauma n'kudzadzanso

Chilwa ilibe mtsinje wotulukira. Domasi, Likangala, Thondwe, Namadzi, Phalombe ndi Sombani imathira, koma wotenga ndi mmodzi yekha: dzuwa. N'chifukwa chake madzi ake ali ndi kamchere. Ikadzadza, pamodzi ndi madambo ake, imatalika makilomita 60 ndipo m'lifupi ndi makilomita 40. Komabe asodzi ambiri sapalasa ndi nkhafi. Amangokankha bwato ndi nsungwi yaitali, chifukwa pansi pali pafupi. Ena amamanga zimbowera, tinyumba toyandama pa njedza, n'kugonera pamadzi pomwepo miyezi yathunthu.

David Livingstone anaiona mu April 1859, miyezi isanu asanafike pa nyanja ya Malawi. Mu 1997 inakhala malo oyamba m'Malawi kulowa m'pangano la Ramsar loteteza madambo ofunika pa dziko lonse.

Yosaya choncho, koma yobereka modabwitsa. Matemba, makumba, milamba. M'zaka zabwino yatulutsapo nsomba zoposa matani 20,000. Matumba 400,000 a makilogalamu 50! Pa nsomba zinayi kapena zisanu zilizonse zogwidwa m'Malawi m'zaka zoterozo, imodzi inkachokera m'Chilwa. Mbalame nazo: mitundu yoposa 150, ndipo zam'madzi zokha zimafika 1.5 miliyoni. Kalembera wa 2018 anapeza anthu 429,450 m'boma la Phalombe. Aliyense, ngakhale khanda lakumsana, angalandire mbalame zitatu, zina n'kutsalabe.

Chozizwitsa chachikulu cha Chilwa, komabe, si kuchuluka. Ndi kuuma kwake. Inauma mu 1968. Inaumanso mu 1995. Mu 2018 inaphwa mpaka mabwato anangotsala gwaa pamatope ong'ambika, anthu akupalasa njinga pamene ankaponya maukonde. Aliyense woona akanati yatha. Koma ayi. Matemba amathawira m'maiwe otsala m'mitsinje. Milamba imabisala m'matope a m'njedza, chifukwa imatha kupuma mpweya wapamtunda. Ndipo m'zithaphwi za m'chigwachi muli kansomba kakang'ono, kosaposa chala, kamene kamaikira mazira m'matope chithaphwi chisanaume. Makolo onse amafa. Mazira amagona m'dothi louma chilimwe chonse, dzuwa likuswa mtengo. Mvula yoyamba ikangogwa, amaswa. Nsomba kuchokera m'fumbi!

Madzi akabwerera, pakatha zaka ziwiri kapena zitatu misika imadzadzanso matemba. Mlaliki wa m'mbali mwa Chilwa akafika pa nkhani ya kuuka kwa akufa safunika kutengera chitsanzo kutali. Omvera ake anayendapo ndi mapazi pa nyanja yakufa, ndipo anadyanso nsomba zake.

Yakuya koposa, yolemera koposa

Mchemwali wake wamkulu ali kumpoto. Nyanja ya Malawi: makilomita pafupifupi 580 m'litali, yachitatu kukula mu Africa, yakuya mamita 700 pamalo ena akumpoto. Mabwalo a mpira asanu ndi awiri omizidwa chilili. Chilwa angalowemo kuposa ka 200 atasanjikizana. Madzi ake atagawidwa kwa anthu onse a pa dziko lapansi, aliyense angalandire ndowa zoposa 50,000 za malita 20. Ndowa imodzi pa tsiku, zaka 140!

Palibe nyanja ina pa dziko yokhala ndi mitundu ya nsomba yochuluka chotero. Yoposa 700, ena amati ifika 1,000, ndipo yambiri sipezeka kwina kulikonse. Mbuna zabuluu, zachikasu, zamizeremizere. Chambo chachikazi chimasunga mazira m'kamwa mpaka ataswa, chosadya bwino masabata onsewo, ndipo tiana tikaona mdani timathawiranso m'kamwa momwemo.

Nyama yolemera koposa zonse zimene zinakhalapo ili m'nyanja zamchere. Namgumi wabuluu. Mamita 30 m'litali, matani 150. Matumba a chimanga 3,000. Njovu yaikulu ya ku Liwonde ndi matumba 120 okha, ndiye pafunika njovu 25 kuti sikelo ilingane. Chakudya cha chimphona chimenechi? Tizilombo tam'madzi tosaposa matemba.

Liwiro ndi mtunda

Pa mpikisano wa onyamula katundu umene umachitika chaka ndi chaka pa Mulanje, anyamata othamanga koposa amakwera ndi kutsika makilomita oposa 20 a m'phiri m'maola awiri ndi mphindi zochepa. Mlendo wamba amayenda njira yomweyo tsiku lathunthu. Koma mtundu wina wa kabawi ukamatsika kumbwandira nyama umapitirira makilomita 300 pa ola. Blantyre mpaka Lilongwe, ola limodzi.

Namzeze wa m'nyengo ya mvula amalemera pafupifupi magalamu 20. Pafunika anamzeze 50 kuti alingane ndi paketi ya shuga. Komatu ambiri a iwo amachokera ku Ulaya, ulendo wa makilomita pafupifupi 10,000, kudutsa nyanja ya Mediterranean ndi chipululu cha Sahara. Alibe mapu, alibe pasipoti. Dzinja likatha amabwerera, ena mpaka pa denga lomwelo limene anachokapo.

Mfumu ya liwiro ndi kuwala. Makilomita 300,000 pa sekondi imodzi. Kuphethira kamodzi, kwazungulira kale dziko lapansi kangapo. Dzuwa lili pa mtunda wa makilomita 150 miliyoni, koma kuwala kwake kumafika pa munda wa mpendadzuwa wa ku Phalombe m'mphindi zisanu ndi zitatu. Wakabaza wopalasa makilomita 15 pa ola, osaima, osagona, osadya, angafike ku mwezi patatha zaka pafupifupi zitatu. Ku dzuwa? Zaka zoposa 1,100. Ndipo m'mimba mwa dzuwalo mungalowe maiko ngati lathuli 1.3 miliyoni.

Kumene magetsi ndi ochepa, thambo la usiku limaoneka lonse. Nthanda, Nsangwe, ndi mkukuluzi woyera wodutsa pakati, mlalang'amba wathu. M'menemo mokha muli nyenyezi zosachepera 100 biliyoni. Woziwerenga imodzi pa sekondi, usana ndi usiku, angamalize patatha zaka zoposa 3,000. Akanayamba m'masiku a Mfumu Davide, bwenzi asanamalizebe mpaka lero. Ndipo milalang'amba yotere ilipo mabiliyoni.

Tating'ono koposa

Kuona maso a nkhono n'kudekha. M'nkhalango za pa Mulanje muli nanzikambe wamfupi ngati chala cha munthu, wobisala m'masamba, wosapezeka kwina. Pansi pa chulu cha kuseri kwa tchalitchi pali manthu wa chiswe, amene amatha kuikira mazira 30,000 pa tsiku limodzi, zaka ndi zaka. Ngumbi zonse zimene ana amatola pa chulucho mvula yoyamba ikagwa ndi ana a mayi mmodzi.

Ndipo m'chifuwa cha aliyense wokhala pa benchi muli pampu yosaposa chibakera. Imagunda ka 100,000 pa tsiku. Imapopa magazi okwana malita 7,000, ndowa 350, tsiku lililonse. Palibe mjigo m'Phalombe monse umene ungagwire ntchito zaka 70 osakonzedwa, osapuma ngakhale mphindi imodzi.

Woopsa koposa

Chilengedwe chomwechi chili ndi nkhope ina, ndipo anthu a ku Phalombe amaidziwa kuposa Amalawi ena onse. Napolo.

Pa 10 March 1991, itagwa mvula yamasiku angapo, mbali za phiri la Michesi zinang'ambika. Madzi, matope, mitengo ndi miyala yaikulu kuposa nyumba zinatsika pamodzi. Midzi, milatho, masitolo, psiti. Anthu pafupifupi 500 anafa, ambiri osapezeka n'komwe. Zipsera zake zinakhala zikuoneka pa phiri zaka zambiri.

Madzi saiwala khwawa. Patatha zaka 32, mwezi womwewo, kunabwera Freddy. Namondwe amene anakhala moyo nthawi yaitali kuposa wina aliyense wolembedwa m'mabuku a zanyengo: masiku 36. Anabadwira kufupi ndi Australia kumayambiriro kwa February 2023, anawoloka nyanja yonse ya Indian, anamenya Madagascar, analowa Mozambique, anabwerera kunyanja kukatenga mphamvu zina, n'kulowanso kachiwiri. Makilomita oposa 12,000. Ulendo wa Blantyre mpaka Lilongwe ka 40.

Mvula yochuluka koposa inagwa m'Phalombe momwemo. Ku Nkhulambe anayeza mamilimita 1,078 m'masiku anayi. Madzi akanapanda kuyenda, bwenzi ataima chofika m'chiuno mwa munthu wamkulu paliponse, pabwalo, pamunda, pamsewu. Ndowa zoposa 200,000 pa ekala imodzi! Mvula ya chaka chathunthu, masiku anayi. M'dziko lonse anthu oposa 1,000 anafa kapena kusowa, ndipo oposa 600,000 anathawa m'nyumba zawo.

Apa chikhulupiriro chopepuka chimagwa. N'kosavuta kuona Mulungu m'dzuwa lolowa pa Chilwa. Nanga m'matope amene akwirira mudzi? Buku la Yobu, kuyambira mutu 38 mpaka 41, limayankha munthu wosweka mtima pomuonetsa nyanja, nyenyezi, mvula ndi zilombo, osamuuza chifukwa cha tsoka lake. Ku Phalombe nako chifukwa sichinaperekedwe. Chinaoneka ndi china. Zitseko za matchalitchi ndi masukulu zinatseguka, mabenchi anasanduka mabedi, amayi anatereka miphika ikuluikulu panja, anyamata anafukula matope ndi makasu kufunafuna abale a eni. Akatolika, a CCAP, a Adventist, a Pentekoste, Asilamu, palibe anafunsa mnzake kumene amapemphera.

Mbewu yochedwa koposa, zokolola zochuluka koposa

Mpingo nawo uli ndi ziwerengero zake zodabwitsa. Mu October 1875 amishoni a Livingstonia anafika ku Cape Maclear pa sitima ya Ilala. Pa mathithi a Shire sitimayo inamasulidwa zidutswazidutswa, ndipo anthu mazanamazana anaisenza pamutu kudutsa mapiri. Patatha zaka zisanu, zokolola zinali izi: manda asanu a amishoni, wobatizidwa mmodzi. Albert Namalambe, 1881. Mmodzi yekha! Kalembera wa 2018 anapeza anthu 17.5 miliyoni m'Malawi, ndipo atatu mwa anayi alionse ndi Akhristu. Oposa 13 miliyoni.

Mishoni ya Blantyre, kholo la mipingo ya CCAP ya ku Phalombe, inayamba mu October 1876. Tchalitchi chake cha St Michael and All Angels chinamangidwa kuyambira 1888 mpaka 1891. Woyang'anira, David Clement Scott, sanaphunzirepo zomangamanga. Omanga ake anali asanamangepo nyumba yotere. Panalibe pulani yolembedwa yathunthu. Anaumba njerwa za mitundu 81 pomwepo, ndipo chili chiimire mpaka lero, zaka zoposa 130. Pa chilumba cha Likoma, pamalo otchedwa Chipyela pamene kale ankatenthapo oganiziridwa ufiti, a Anglican anayamba mu 1903 kumanga tchalitchi cha St Peter, chotalika pafupifupi bwalo lonse la mpira. John Chilembwe anatsegula mishoni ya PIM ku Mbombwe mu 1900. Ansembe a Montfort anafika ku Nzama mu 1901. A Adventist anayamba Malamulo mu 1902. Mipingo itatu, zaka zitatu zotsatizana.

Ntchito yolemba yaitali koposa inali Buku Lopatulika. William Murray wa mishoni ya Dutch, pamodzi ndi amishoni anzake ndi aphunzitsi achimalawi, anakhalira pa ilo zaka pafupifupi 20, ndipo linatuluka mu 1922. Mabuku 66, mitu 1,189. Wowerenga mitu itatu pa tsiku amamaliza patatha chaka ndi mwezi umodzi. Mutu wautali koposa ndi Salimo 119, ndime 176. Waufupi koposa uli pafupi pomwepo, Salimo 117, ndime ziwiri. Alomwe, amene ndi ochuluka kwa Chiwalo, ali ndi ngwazi yawo pa ntchito imeneyi: Lewis Mataka Bandawe, amene anamasulira Chipangano Chatsopano m'Chilomwe, chosindikizidwa mu 1930.

Kunja kuli zimphona. Tchalitchi cha Our Lady of Peace ku Yamoussoukro, m'dziko la Côte d'Ivoire, ndi chotalika mamita 158 ndipo mumalowa anthu 18,000. Anachidalitsa mu 1990 ndi Papa Yohane Paulo Wachiwiri, yemwe uja anapsompsona nthaka ya Malawi mu May 1989. Misa yaikulu koposa inachitikira ku Manila mu January 2015, pamene anthu 6 miliyoni anasonkhana mvula ikugwa kudzapemphera ndi Papa Francis. Boma lonse la Phalombe ka 14!

Tchalitchi chaching'ono koposa

Koma chimphona chenicheni cha mpingo sichili ku Yamoussoukro. Chilibe nsanja. Nthawi zambiri chilibe ndi denga lomwe. Mphasa ziwiri pansi pa mtengo wa mango, mabanja khumi kapena makumi awiri, Baibulo limodzi lothothoka chikuto. Akatolika amati mphakati. A CCAP amati mlaga. Maepiskopi a kuvuma kwa Africa anagwirizana mu 1973 kuti mpingo uzikhazikika pa timagulu totere, ndipo Episkopi Patrick Kalilombe wa ku Lilongwe anali patsogolo kuyambitsa miphakati m'Malawi. Lero palibe parishi yopanda miphakati.

Wansembe kapena mbusa mmodzi amakhala ndi nthambi zambiri, ndipo zina amazifika kamodzi pa mwezi, pena kuposera apo msewu ukaduka. Masabata otsalawo mpingo uli m'manja mwa akatekisi, akulu a mpingo, amayi a Mvano a malaya oyera, amayi a Dorika, makwaya a achinyamata. Salandira kanthu. Belu lawo m'midzi yambiri ndi limu ya galimoto yopachika pa mtengo, ndipo limamveka mpaka kutsidya kwa dambo.

Yezani ntchito yawo ndi muyeso womwe uja wa mapiri. Mayi woyenda makilomita asanu kupita kutchalitchi ndi asanu kubwerera, Lamulungu lililonse, amayenda makilomita 520 pa chaka. Pa zaka 40, makilomita oposa 20,000. Theka la ulendo wozungulira dziko lonse lapansi, wapansi, kambiri mwana ali kumsana! Pagwa maliro: khomo lililonse mbale imodzi ya ufa. Makomo 50, thumba ladzadza. Mtolo umodzi wa nkhuni pa khomo, moto suzima usiku wonse. Amayi amayamba nyimbo dzuwa likulowa ndipo amaleka tambala atalira, maola khumi kapena kuposa, popanda chokuzira mawu. Adzukulu amakumba m'dothi louma gwa la mwezi wa October osafunsa malipiro. Pa masika, wina abwera ndi lichero la nandolo, wina nkhuku, wina mtolo wa nzimbe, wina matemba odzadza mbale, ndipo malata a tchalitchi amagulidwa limodzilimodzi mpaka denga litatha.

Wodwala akalephera kuyenda, amamangirira mpando pa njinga, anthu anayi n'kumasinthana kukankha mpaka kuchipatala. Ambiri m'bomali akhala akuthamangira ku Holy Family, chipatala cha mishoni ya Katolika. Kumeneko nako, nthawi yoona odwala ikakwana, oyamba kulowa ndi a mphakati ndi a mlaga, kontena ya phala m'manja.

Mwa zazikulu zonse zimene zatchulidwa pano, chimenechi ndicho chosalembedwa m'buku lililonse la zopambana. Koma ndicho chimene wamasiye wa kwa Chiwalo amachikhudza ndi manja. Sapitwa amamuonetsa kuti Mulungu ndi wamkulu. Mbale ya ufa yofika pakhomo pake m'mawa wa maliro imamuonetsa kuti Mulunguyo akumudziwa dzina.

Nyengo yobzala

Chotsala ndi ngongole. Mpingo umene umaimba Salimo 104 ndi Salimo 121 uli pansi pa mapiri amene akumetedwa mpala ndi makala. Phiri lopanda mitengo siligwira madzi, ndipo dothi lake limatsikira m'Phalombe ndi m'Sombani kukakwirira Chilwa, nyanja yosaya kale. Papa Francis analemba kalata yathunthu pa nkhaniyi mu 2015, yotchedwa Laudato Si', ndipo mipingo ina m'dziko muno nayo yakhala ikulalikira zosamala chilengedwe.

Nyengo yobzala mitengo m'Malawi imayamba pa 15 December n'kutha pa 15 April. Miyezi inayi, Malamulungu 17. Abusa, ansembe, akulu a mpingo, amayi a Mvano ndi a Dorika, atsogoleri a miphakati ndi milaga kwa Chiwalo ndi m'Phalombe monse: sankhanipo Lamulungu kapena Sabata limodzi. Mapemphero akatha, aliyense atuluke ndi mbande m'manja, mbawa, nsangu, mthethe kapena nsungwi, akabzale m'mbali mwa mtsinje wapafupi. Ndipo mlaga uliwonse usankhe anthu oipalira, kuitchingira mbuzi ndi kuilambulira moto mpaka chilimwe chitatha.